Azakhali Ayankha: Tulutsa Mapoto Amenewo M'thumba

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 24, ndangotha miyezi 7 pabanja. Pa ukwati wathu apongozi anga aakazi anandipatsa mapoto 6 a aluminiyamu. Mwezi watha mlamu wanga ananditumizira uthenga pa WhatsApp wonena kuti mapoto otere amalowetsa chitsulo mu ubongo, munthu n'kuyamba kuiwalaiwala. Nditasuzumira m'poto amene ndimaphikira thelere ndinapeza atada bii mkati. Komanso amuna anga masiku ano akumaiwala kusiya ya ndiwo, ndipo tsiku langa lobadwa analiiwalanso. Mapoto onse ndawamangira m'thumba, ali kunsi kwa bedi, ndikuphikira mumphika wadothi wobwereka. Apongozi akubwera Loweruka. Nditani?

Wosowa Tulo, Bangwe

Mwanangu Wosowa Tulo,

Ndaseka mpaka duku kugwa. Amuna ako aiwala ya ndiwo, iwe mlandu n'kuupachika pa poto? Takhala pansi ndikufunse. Bambowo anayamba aiwalapo tsiku limene timu yawo ikusewera? Nambala yachinsinsi ya foni yawo anayamba aiiwalapo? Matenda amene amasankha zoiwala ndimawadziwa bwino, malemu atsibweni ako anali nawo, ndipo tinkaphikira mumphika wadothi. Zimenezo tikambirana kumapeto. Tiyambe ndi thumba lili kunsi kwa bedilo.

Safunsa anadya phula, choncho wachita bwino kufunsa. Koma unayamba kumanga thumba, kufunsa pambuyo. Mwambo wake suyenda choncho.

Mphika wabwerekawo tauyang'anitsitsa. Ukudziwa kuti dongo limene anaumbira ladzaza ndi aluminiyamu yemwe ukumuthawayo? Mwa zitsulo zonse za m'nthaka, ameneyu ndiye wochuluka kuposa zina, pafupifupi magawo 8 pa 100 aliwonse a chigoba cha dziko. Ali m'njerwa za nyumba yako, ali m'fumbi la pabwalo. Tiyi wa ku Thyolo amene umamwa m'mawa uliwonse alinso naye, chifukwa mtengo wa tiyi umamukoka m'nthaka n'kumusunga m'masamba. Ngati ukufuna kumuthawa, mwanangu, usamuke pa dziko lino, ndipo ndege imene ukwereyo idzakhalanso ya aluminiyamu.

Uthenga wa mlamu wakowo sunagwe kumwamba, uli ndi kumene unachokera. Mu 1965 akatswiri ena anabaya akalulu mankhwala a aluminiyamu mu ubongo mwenimwenimo, ubongowo n'kuwonongeka. Anthu atamva, mantha anafalikira akuti mwina chitsulo chimenechi ndicho chimayambitsa matenda oiwala a okalamba otchedwa Alzheimer. Kuyambira pamenepo afufuza kwa zaka zambirimbiri, osapeza umboni woti kuphikira m'poto kumadzetsa matendawa. Tsono amuna ako ndi kalulu? Alipo wawabaya m'mutu? Aluminiyamu amene amalowera kukamwa thupi silimusamala kwenikweni. Pa magawo 100 amene wameza, lolowa m'magazi silikwana ngakhale limodzi, ndipo kochepako impso zimakasefa n'kukataya ndi mkodzo. Amene ayenera kusamala ndi anthu odwala impso kwambiri, chifukwa sefa wawo ndi wofooka, ndipo amenewo amve zimene adokotala awo awauza.

Ndikuuze china choti udabwe. Pamene chilungulira chakuvuta n'kutafuna kapiritsi koyera kaja, kawirikawiri umakhala ukutafuna aluminium hydroxide. Piritsi limodzi lokha lili ndi aluminiyamu wochuluka kuposa amene poto wako angakugawire pa masiku ambiri. Zopakapaka zoletsa thukuta kukhwapa, zambiri zimagwira ntchito chifukwa cha mchere wa aluminiyamu umene umatseka timabowo ta thukuta. Madzi a pampope nawo, asanafike kwa iwe ali mbee, kumalo oyeretsera amawathira aluminium sulphate. Amasonkhanitsa timatope tosaoneka tija kuti tigwirane, tilemere, tikhale pansi, kenako ndiye amathira klorini wopha tizilombo. Mbale wa aluminium sulphate ameneyu ndi mwala woyera uja wotchedwa alum, umene abambo ena amapaka akadzicheka pometa ndevu kuti magazi asiye. Apa ndikuchenjezeretu: madzi a pachitsime ukawadikhitsa ndi alum amayera ndithu, koma tizilombo timakhalamobe. Uwawiritse kapena uthire klorini. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Tibwere ku poto wako wakudayo. Amene wamudetsa ndi iwe wemwe, ndi soda wako. Aluminiyamu ali ndi khalidwe lake: akangokumana ndi mpweya amadzivekera kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo n'chifukwa chake sachita dzimbiri lofiira ngati khasu logona pamvula. Kakhungu kameneka kali ndi adani awiri. Woyamba ndi zoterera zathu zija, soda ndi chidulo. Wachiwiri ndi zowawasa: matimati ambiri, mandimu, bwemba, malambe, chidede, thobwa logonera. Zimenezi zikakhalitsa m'poto zimakadya kakhunguko, mkati mumathimbirira, pena mumatuluka timaenje ngati nkhope ya munthu wodwalapo nthomba, ndipo ndiwo zimamveka kachitsulochitsulo mkamwa. Sikuti ufa nazo ayi. Koma poto akutha, ndiwo sizikukoma, ndipo ndi pamenepo pamene chitsulo chimasungunukira m'chakudya mochulukirapo popanda chifukwa.

Ndiye chita izi. Thelere ndi ndiwo zonse zothira soda kapena chidulo zipatse mphika wadothi, ugule wako, wa eni akewo ubweze asanayambe kukunena pachigayo. Nsima, mpunga, mbatata, madzi a tiyi, phika m'mapoto a apongozi mtima uli m'malo. Nyemba za matimati phikamo ndithu, koma zikapsa upakulire m'mbale. Poto ndi wophikira, si nkhokwe. Atsikana a masiku ano mumasiya ndiwo zamchere m'poto usiku wonse, m'mawa n'kungotenthetsa, madzulo chimodzimodzi, kenako mukudabwa kuti poto wabooka. Wakudayo mulowetse makoko a mandimu ndi madzi, uwiritse kwa kanthawi, utaye madziwo, utsuke. Uona akumwetulira.

Ndipo leka kukwecha mkati ndi mchenga ngati ukulimbana ndi mdani. Ndikudziwa, tonse tinakula tikumva kuti mkazi waukhondo amadziwika ndi mapoto owala pathandala, oti woyenda pamsewu aphimbe m'maso. Kunja kwecha mmene ungafunire, mwaye uchoke, aneba aone. Mkati ndi sopo ndi kansalu basi. Ukamakwecha mkati tsiku ndi tsiku ukusenda kakhungu kaja, poto n'kumavala kena, iwe n'kusendanso, mpaka pansi pake padzapyapyala ngati pepala. Usamusiyenso pambaula wopanda kanthu uku wapita kukacheza kumpanda. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, ndipo makala okolera bwino amapitirira pamenepo. Ine ndinabwerako kumiseche tsiku lina n'kupeza zogwirira zokha zili bwino, pansi pa poto patatseguka pakamwa.

Tsopano tchera khutu, chifukwa apa sindikuseka. Chilipo choopsa chenicheni pa nkhani ya mapoto, ndipo mlamu wako sanakutumizire chimenecho. Uwadziwa mapoto ochindikala aja oumbidwa pamanja, amene amisiri amasungunula zitsulo zakale n'kuthira m'chikombole cha mchenga? Ndi olimba, ndi otsika mtengo, sapsereza nsima, ndipo pamaliro ndi paukwati ndiwo amatisunga. Amisiriwo ndimawalemekeza, akudyetsa ana awo ndi luso la manja. Vuto ndi zimene zimalowa m'ng'anjomo. Mukakhala zitini ndi mapoto akale okhaokha, palibe nkhani. Koma mukalowa zidutswa za injini, za rediyeta ndi zina zowotcherera, mumalowanso mtovu. Ku Cameroon akatswiri anayeza mapoto otere, mu 2014 n'kulengeza kuti ambiri ankatulutsa mtovu akawiritsamo zowawasa, ndipo atayezanso a m'mayiko ena anapeza zofanana. Mtovu ndiye mdani weniweni wa ubongo, makamaka wa mwana wamng'ono ndi wa amene ali m'mimba. Supweteka lero ayi. Mwana amangokula wochedwa kugwira zinthu kusukulu, inu n'kumamukalipira kuti ndi waulesi. Ndipo ndi maso sungauone. Choncho Mulungu akadzakudalitsa, kapena ngati wakudalitsa kale koma ukundibisira, phala la mwana uziphikira m'poto wa kufakitale, wadothi kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri chija. Chimpoto choumbacho chizitenthetsa madzi osamba, ndipo chikatuluka pa zochitika musaphikiremo zowawasa kapena kusungiramo thobwa.

Mapoto ako 6 aja, ngati ali opepuka, olowana wina mwa mnzake, ndi a kufakitale. Sali m'gulu limeneli.

Komanso ukudziwa kuti waponya chuma kunsi kwa bedi? Kale chitsulo chimenechi chinali cha olemera okhaokha, chifukwa kuchilekanitsa ndi dothi kunali kovuta zedi. Mu 1884 Aamerika pomaliza chipilala chawo chachitali chokumbukira George Washington, pansonga pake anaikapo chidutswa cha aluminiyamu ngati chinthu cha ulemu, nthawi imeneyo mtengo wake ukupikisana ndi siliva. Patangotha zaka ziwiri, mu 1886, anyamata awiri, Charles Hall wa ku America ndi Paul Héroult wa ku France, aliyense payekha osadziwana, anapeza njira yomutulutsira ndi magetsi. Onse anabadwa mu 1863, onse n'kumwalira mu 1914, ngati mapasa a mayi awiri. Kuyambira pamenepo mtengo unagwa mpaka ife a m'khitchini tinamufikira. Koma njira imeneyo imameza magetsi modetsa nkhawa. Ndi chifukwa chake aneba athu a ku Mozambique, amene ali ndi damu la Cahora Bassa, anatha kutsegula fakitale ya Mozal kufupi ndi Maputo mu 2000, pamene ife dothi lake lotchedwa bauxite lili phee pamwamba pa phiri la Mulanje, ku Lichenya, lodziwika kuyambira nthawi ya atsamunda. Poto akadzatheratu usadzamutaye kudzala. Ogula zitsulo amamufuna, popeza kusungunula wakale kumangodya magawo 5 pa 100 a mphamvu yopangira watsopano.

Mawaya a magetsi odutsa pamwamba pa mudzi wanu ndi aluminiyamu yemweyo, chifukwa ndi wopepuka, kulemera kwake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo wamba. Chitini cha zakumwa ndi iyeyo, kapepala konyezimira kotsekera mapiritsi ndi iyeyo. Ngakhale miyala yofiira yamtengo wapatali ija, ma ruby a ku phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, ndi pachibale ndi kakhungu ka m'poto wako, thupi lake ndi limodzi. Amuna ako atakubweretsera mphete ya mwala umenewo ungaimangire m'thumba? Ndikukuona ukumwetulira.

Tsono Loweruka. Taganiza mayi uja. Anasunga ndalama ya geni yawo kakang'onokang'ono, mwina anagulitsa nkhuku, anakwera minibasi, anasankha mapoto aja mmodzimmodzi akugogoda pansi ndi chala, ali mumtima mwana wanga wapeza mkazi. Afike pakhomo pako, maso awo ayendeyende m'khitchini monga amachitira apongozi onse, mphatso yawo osaiona. Sadzafunsa ayi. Adzadya, adzathokoza, adzapita. Koma pofika Lamulungu mudzi wonse udzakhala utamva kuti mtengwa wa m'tauni amanyansidwa ndi katundu wa kwa amuna, mwinanso akuganiza kuti munali mankhwala. Bala lotere silipola ndi makoko a mandimu. Ungadzawagulire zitenje khumi, nkhani ya mapoto idzatulukabe tsiku limene mwasemphana pa dzina la mwana.

Masula thumbalo lero lino. Tsuka onse, uwayanike pathandala poonekera. Apongozi akafika uwagwadire, uwapatse madzi, nsima yawo ivundulidwe m'poto wamkulu uja iwo akuona. Ndipo uwafunse, mwaulemu, kuti amayi, thelere likundidetsera poto, inu mumatani? Yankho ukulidziwa kale, ndakupatsa ine, koma afunse basi. Palibe mpongozi amene sasungunuka akafunsidwa nzeru za kukhitchini. Mlamu wakoyo usakangane naye, anachita mwa chikondi, ungomuitana adzadye nawo. Uone ngati angakane nkhuku chifukwa cha poto.

Za bambo oiwalaiwalawo, mankhwala ake ndi pakamwa pako. Usiku, anthu atagona, osati pamaso pa amayi awo, uwauze mosapsatira kuti ya ndiwo izisiyidwa patebulo asanavale nsapato, ndiponso kuti za tsiku lobadwa zinakuwawa. Mwamuna salosera, ukakhala chete amayesa zonse zili bwino. Akaiwalanso, uwaphikire nsima yofewa bwino, m'poto wa mayi awo yemweyo, pambali uike kambale ka mchere. Undilembere undiuze kuti nzeru zabwerera patatha masiku angati.

Ndine,
Azakhali ako