Ndatopa ndi nyimbo zomwezomwezi, ndiyambire pati?

Funso: Ndimakhala ku Area 18, ndipo m'minibasi, kometetsa tsitsi ngakhale pafoni yanga ndimangomva amapiano ndi nyimbo zomwezomwezo. Ndimalakalaka kumva magulu akunja oimba ndi zida zokha, makamaka omwe sali pansi pa makampani akuluakulu. Ndingawapeze bwanji? — Wowerenga, Area 18

Yankho: Achimwene, vuto si inu ayi. YouTube ndi Spotify zimakubweretserani nyimbo zofanana ndi zomwe munamvera dzulo, choncho mukapanda kusaka nokha muzingozungulira pamodzimodzi.

Yambirani pakhomo. Madalitso Band ya konkuno ku Lilongwe, ija ya babatoni, imatulutsa nyimbo kudzera ku Bongo Joe, kampani yaing'ono ya ku Geneva. Tsegulani tsamba la kampaniyi pa Bandcamp, mukapeza magulu a m'maiko ena omwe sitiwamva pawailesi zathu. Ine ndimakhulupirira njira imeneyi kuposa zonse, chifukwa kampani yaing'ono imasankha oimba ake mosamala.

Pa za zida zokha, mverani Mulatu Astatke wa ku Ethiopia, kora ya malemu Toumani Diabaté wa ku Mali, komanso Khruangbin, anthu atatu a ku Houston amene anatengera kaimbidwe ka ku Thailand. Musafulumire kuweruza. Khutu lozolowera kolasi limafuna kumvera kangapo kuti liyambe kutsatira bezi ndi ng'oma.

Bandulo ikamavuta, gwiritsani ntchito ya usiku. Mukafuna kuona oimba ndi maso, pitani ku Tumaini Festival ku Dzaleka, kulowa ndi kwaulere. Mtima ukafuna kuphunzira chida, kafunseni ku Music Crossroads ku Area 23.