Chifukwa Chake Zoimbira za Kwaya Zimasemphana Mawu Mvula Ikayamba

Pa 22 Novembala makwaya amakumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba. Kuno ku Lilongwe tsikuli limafika kutentha kwa Okutobala kutangodutsa, mvula yoyamba itagwa kapena ili pafupi. Ndi nthawi yomwenso zoimbira zimayamba kusemphana mawu, mlandu n'kugwera woimbitsa kapena amayi a soprano, chonsecho chasintha ndi mpweya wa m'tchalitchi.

Za ng'oma aliyense amazidziwa. Chikopa chikamwa chinyezi chimakhwefuka, mawu n'kutsika, n'chifukwa chake oimba ng'oma amayamba aziwamba pamoto kapena kuziika padzuwa.

Piyano imachita zosiyana ndi zimenezi. Mkati mwake muli nsambo zachitsulo zoposa 200, zokungidwa kwambiri moti zonse pamodzi zimakoka ndi mphamvu ya matani pafupifupi 18. Nsambozi zimatsamira pa thabwa lopyapyala limene limakuza mawu. M'dzinja thabwalo limatupa ndi chinyezi n'kumakankha nsambo, ndiye mawu amakwera. Kukauma mu Ogasiti ndi Seputembala limabwerera, mawu n'kutsika. Choipa n'chakuti nsambo sizisuntha mofanana. Zapakati ndizo zimasuntha kwambiri, ndipo m'pamene pamaimbidwira nyimbo zambiri za Misa.

Akatswiri amachuna noti ya A kuti izinjenjemera ka 440 pa sekondi imodzi. Kiyibodi yamagetsi, yomwe ndiyo yofala m'makwaya a ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo, sichoka pa muyeso umenewu, kaya kutenthe kaya kuzizire (pokhapokha wina atasiya batani la transpose lili lodina, zomwe zimachitika kawirikawiri). Imene imachoka ndi gitala. Woimba akaichunira kunyumba m'mawa kukuzizira, n'kukwera nayo minibasi, n'kulowa nayo m'tchalitchi cha malata chodzaza anthu, nsambo zimafunda n'kutalika pang'ono. Pofika pa nyimbo ya zopereka gitala imakhala yatsika, kiyibodi ili pomwepo, kwaya osadziwa kuti itsate iti.

Choncho gitala izifika m'tchalitchi kutatsala theka la ola, izolowere mpweya wa momwemo, kenaka ichunidwe motsata kiyibodi. Woimba aimvetserenso mwakachetechete ulaliki ukatha. Posunga, zoimbira zamatabwa ndi zachikopa zisamagone pasimenti, pawindo kapena kutsamira khoma lomwe mvula imaomba. Komwe kuli piyano, wochuna aitanidwe kawiri pachaka, osati sabata yomwe mvula yayamba, koma patapita milungu ingapo thabwa litakhazikika.