Mbaula ya m'komboni ndi maso a D.F.

Mu June ndi July, m'mafamu a fodya a ku Marondera, Karoi ndi Mvurwi, ku Zimbabwe, kumazizira moti zala zimachita kuuma. Zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito kuno zimadziwa chochita: kulowetsa mbaula m'nyumba, kutseka chitseko, n'kutsekera nsanza pazenera. Makala akamanyeka m'chipinda chotsekedwa chonchi amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka ndiponso wosanunkha umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Ena sadzukanso. Koma amene wadzuka n'kutola kapu kumwa madzi timangoti wapulumuka, ndipo apa ndi pamene timapusitsika.

Mu 1988 mayi wina wa ku Scotland, amene m'mabuku amangomutchula kuti D.F., adakomoka ndi mpweya womwewu akusamba ku Italy, chifukwa chotenthetsera madzi chidali chowonongeka. Atatsitsimuka, maso enieniwo adalibe vuto, mitundu ankaiona, koma nkhope za abale ake ndi kaumbidwe ka zinthu sankazizindikira. Akatswiri ofufuza za ubongo, David Milner ndi Melvyn Goodale, adamuonetsa kampata konga ka bokosi la makalata n'kumufunsa kumene kapendekera. Ankangolota. Atamupatsa khadi kuti alowetsemo, dzanja lake lidatembenuka lokha n'kulowetsa osaphonya.

Mu 1992 awiriwa adafotokoza kuti zimene maso aona zimadutsa njira ziwiri mu ubongo. Yam'munsi imatiuza kuti chinthuchi n'chiyani, pamene yam'mwamba imatsogolera dzanja mwiniwake asanazindikire kanthu. Kwa D.F. yam'munsi ndiyo idawonongeka. Afilosofi ena, monga Alva Noë, amakana zoti kuona ndi kuchita n'zolekanitsika chonchi, ndipo mkanganowo udakalipo. Kwa ine khadi lija ndi umboni wokwanira kuti dzanja likhoza kugwira bwinobwino mwiniwake asakudziwa chimene wagwira.

Choncho mukatulutsa munthu m'nyumba ya makala, mtima usakhale pansi poona kuti akuyenda ndipo akudzimangira yekha nsapato, ngakhale kapitawo atakhala kuti akuitana anthu kokasankha fodya. Kuiwalaiwala, kusokonezeka mutu ndi vuto la kuona zimatha kuyamba patapita masiku kapena masabata. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo akalandire okosijeni, ngakhale iye akuumirira kuti ndi mutu wokha umene ukumuwawa.