Bwana akaitanitsa 3-wood, iwe yamba wayang'ana mpira

Akulu a danga lino,

Ndine mnyamata wa ku Mbare, ndimakhala ku Matapi. Agogo anga anachokera ku Dedza, ndipo pakhomo timayankhulabe Chichewa. Chaka chino ndayamba ganyu yonyamula zikwama pa kalabu ina ya gofu mu Harare muno. Kunyamula ndi kusaka mipira sikundivuta. Chondisautsa n'chakuti pa maenje aatali bwana amangotambasula dzanja n'kuti ndiwapatse 3-wood. Ine ndimapereka, iwo amamenya, mpira n'kungokwawa pansi kapena kukalowa m'mitengo. Akatero amandikalipira ine, ndipo tsiku limenelo kangachepe sikatuluka. Ndizitani?

Caddie wa ku Matapi

Mphwanga,

Mlanduwo si wako wonse, komanso usaukane wonse. Womenya mpira ndi bwana, zimenezo n'zoona. Koma pa awirinu, amene amafika pa mpirawo mtima uli m'malo ndiwe. Bwana amafika maso ali ku mbendera, maganizo ali pa madola amene abetcherana ndi anzawo, ndipo mpira umene uli pamapazi pawo sauona n'komwe. Ndalama yako yagona pamenepo. Mamembala a ku Royal Harare, ku Chapman kapena ku Warren Hills akamafika m'mawa n'kuitanitsa caddie wina pomutchula dzina, samuitanira mapewa. Mapewa aliyense ali nawo.

Zidziwe kaye ndodozo. Chimene chimazisiyanitsa ndi loft, kupendekeka kwa nkhope imene imamenya mpira. 3-wood imakhala ndi madigiri 15 kapena kuyandikira apo, 5-wood imakhala ndi 18, ndipo 7-wood imafika 21. Pa ndodo zambiri nambalayi imalembedwa kunsi kwa mutu, ndiye potsuka uzitembenuza n'kuwerenga. Kutalika nakonso kumasiyana: 3-wood imafika mainchesi 43, zinazo zimafupikirako pang'onopang'ono. Ndiye taganiza: pa ndodo zonse zimene munthu amamenyera mpira uli pa udzu, popanda tee, 3-wood ndiyo yaitali kuposa zonse, ndiyonso ya nkhope yoima kuposa zonse. Kuti mpira unyamuke nayo pamafunika liwiro lalikulu ndi kumenya pakatikati penipeni. Mabwana ambiri amene umawanyamulira, anthu a m'maofesi osewera Loweruka lokha, alibe liwiro limenelo. Kwa iwo 5-wood imauluka mtunda wofanana ndi 3-wood, mwinanso kuiposa, chifukwa mpira umakwera n'kukhalitsa m'mwamba m'malo mogwa msanga. Safuna kumva zimenezi. Amaona ngati kutenga nambala yaikulu n'kuvomereza ukalamba.

Sunga nkhani iyi m'thumba, idzakuthandiza pa bwana wouma mutu: Dustin Johnson, mmodzi mwa omenya patali kwambiri pa dziko lonse, anapambana Masters mu 2020 ali ndi 7-wood m'chikwama. Ngati iye sanachite nayo manyazi, bwana wako angachite manyazi ndi chiyani?

Tsopano mpira. Uziyenda patsogolo pang'ono kuti ufike pa mpira bwana asanafike, ndipo usanawerenge mtunda uone mmene wakhalira. Udzu wa kikuyu, umene wafala m'mabwalo a gofu akuno, uli ndi makhalidwe awiri. Pa fairway pamene atchetcha bwino, m'nyengo ya mvula, umaunyamula mpira n'kuuika pamwamba, ndipo apo 3-wood ikhoza kugwira ntchito ngakhale kwa munthu wamba. Koma mpira ukangopatuka pang'ono n'kulowa mu rough, udzu womwewo umaumeza. Umakulunganso khosi la ndodo n'kutseka nkhope yake, mpira n'kutsika kumanzere. Ukaona kuti theka la mpira labisika, 3-wood isatuluke m'chikwama. Pereka 7-wood kapena hybrid, ndipo ngati wabisika wonse, pereka iron yaifupi kuti angoutulutsa. Pali msampha winanso umene anyamata atsopano sauona. Nthawi zina mpira umakhala pamwamba penipeni pa rough, wooneka bwino kwambiri, koma pansi pake pali mphako. Mutu wa wood ndi wopyapyala, umangodutsa kunsi, mpira n'kukwera kumwamba n'kugwa pafupi, utasiya chipsera pa utoto wa ndodo. Pamenepo uza bwana agwire ndodo motsikirako pang'ono ndipo asaikanikize pansi poima.

Kuyambira Meyi mpaka mvula itagwa zinthu zimatembenuka. Udzu umafota, nthaka imauma gwa, ndipo pena mpira umakhala pa dothi lenileni. Kunsi kwa wood n'kotakata, kumadumpha pa nthaka youma, nkhope n'kumenya mpira pamutu. Kukwawa kumene ukudandaula kuja kumachokera apa nthawi zambiri. Komabe nyengoyi ili ndi ubwino wake: mpira ukatera umathamanga kwambiri, moti 5-wood imakafika pamene 3-wood inkafika mu Januwale. Makalabu ambiri m'miyezi imeneyi amalola osewera kusuntha mpira pang'ono pa fairway kuti ukhale pabwino. Uzifunsa kwa oyambitsa masewera musananyamuke ngati lamuloli lilipo tsikulo komanso kuti akulola mtunda wanji. Ukumbutse bwana, koma kuika mpirawo n'kwa iwo, osati kwa iwe.

Za kutsetsereka sinditaya nthawi. Mpira ukakhala potsika, loft imachepa, ndiye 3-wood imasanduka yosanyamuka. Pereka ndodo yopendekeka kwambiri. Pokwera loft imawonjezeka, mpira umakwera bwino koma sufika patali. Kwa munthu womenyera kumanja, mpira ukakhala mmunsi mwa mapazi umakonda kupita kumanja, ukakhala pamwamba pa mapazi umapita kumanzere. 

Chimene ndikufuna ulimbikire kwambiri ndi kudziwa mtunda weniweni wa munthu amene ukumunyamulira. Safunsa anadya phula, ndiye pa tee yoyamba uzifunsa ndithu kuti ndodo zawo zimafika pati. Koma yankholo usalikhulupirire lonse. Munthu amakuuza za mpira umodzi umene anamenya bwino chaka chatha mphepo ili kumbuyo. Iwe uziona wekha pamene mpira watera, osati pamene waima, chifukwa patsogolo pa green pakakhala madzi kapena mchenga, chofunika n'chakuti mpira uuluke mpaka kuwoloka. Gula kabuku kakang'ono ku Mbare Musika, uzilembamo madzulo: bwana uje, 5-wood, inatera apa, kunali mphepo yotere. Pakatha miyezi ingapo udzakhala ukudziwa chikwama chawo kuposa eniake.

Caddie wa Nick Price, Jeff Medlen, amene anzake ankamutcha Squeeky, anaonetsa dziko ntchito imeneyi mu 1991. Price, amene anakulira mu Harare momwemu, anachoka pa mpikisano wa PGA Championship chifukwa mkazi wake anali pafupi kuchira. Malo ake anatenga John Daly, mnyamata wosadziwika amene anali asanasewerepo pa bwalo la Crooked Stick. Medlen anamunyamulira chikwama asanagwirepo naye ntchito, anaphunzira mitunda yake ali m'kati mosewera, ndipo Daly anapambana. Chaka chotsatira Medlen anapambana mpikisano womwewo ndi Price, ndipo mu 1994 anatenga naye The Open ndi PGA.

Alendo uziwasamala mwapadera. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Munthu wochokera ku Durban, ku Beira kapena ku Nchalo amene wood yake imauluka mamita 180 kwawo, kuno ikhoza kuwonjezera mamita ngati 10. Ukapanda kumuuza adzapitirira green tsiku lonse. Wochokera ku Johannesburg usamuwonjezere kanthu, kwawo n'kokwera kuposa kuno. Mpweya wopepukawu suunyamulanso mpira kwambiri, ndiye mpira wouluka motsika umagwa msanga. Ichi n'chifukwa china chokondera loft yambiri. M'mawa wa mu Juni, kukuzizira, chotsapo mamita angapo.

Nanga bwana uwauza bwanji za ndodo osawapsetsa mtima? Apa ndi pamene anyamata ambiri odziwa gofu amataya ntchito. Usanene kuti 3-wood sangaithe, ngakhale zili zoona, ndiponso usawatsutse anzawo akumva. Mlandu uupereke kwa mpira. Yandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bwana, mpirawu wakhala pansi kwambiri, 5-wood iutola bwino." Kapena, "Madamu, kuwoloka madziwo ndi 175, koma kumanzereku kuli malo ambiri." Wapereka nambala, wapereka njira, ulemu wawo sunaukhudze. Pa par 5 uziwawerengera masamu: ngati green ili pa mamita 240 ndipo sangafike ndi ndodo iliyonse, 3-wood ikuwagulira chiyani? Bola ndodo imene iwasiye pa fairway, pa mtunda umene amaukonda ndi wedge.

Akakana, n'kuumirira 3-wood, pereka. Chikwamacho n'chawo. Ndipo popereka usakwinye nkhope, uwauze kuti amenye mosakayika, chifukwa munthu wokayika amalakwitsa ndi ndodo iliyonse. Mpira ukapita kutchire, tseka pakamwa, uone pamene walowa, nyamula chikwama. Malamulo amapereka mphindi 3 zokha zosakira. Mawu akuti "ndinanena" asatuluke ngakhale mongoseka. Bwana amadziwa yekha kuti unanena, ndipo pa dzenje lotsatira adzakufunsa.

Malamulo atatu akukhudza iwe mwachindunji pa nkhani ya ndodozi, pakuti caddie akalakwa, chilango chimagwera wosewera. Loyamba, m'chikwama simuyenera kupitirira ndodo 14, ndipo mabwana amene akuyesa wood yatsopano amaiwala kuchotsa yakale. Werenga musanayambe. Pa The Open ya 2001 ku Royal Lytham, Ian Woosnam anali pakati pa otsogola tsiku lomaliza pamene caddie wake anazindikira pa tee yachiwiri kuti m'chikwama muli driver yowonjezera. Anamulanga ma stroke awiri. Lachiwiri, pa mpikisano usafunse caddie mnzako kuti bwana wake wamenya ndi ndodo yanji, ngakhale mumakwera kombi imodzi kuchokera ku Mbare. Kufunsana mtunda n'kololedwa, ndodo ayi. Lachitatu, kuyambira 2019 caddie saloledwa kuima kumbuyo kwa wosewera, molunjika kumene akumenyera, pamene wosewerayo wayamba kuima pa mpira. Ambiri amafuna kuti uwalunjikitse akagwira wood chifukwa mtunda ndi wautali. Uwasonyeze mtengo kapena mtambo woti alunjikepo, kenako patuka.

Ngati kalabu yanu imalola ma caddie kusewera tsiku lina pa sabata, usaphonye, chifukwa sungalangize za ndodo imene sunaigwirepo. Pomenya wood pa udzu, mpira ukhale m'kati pang'ono mwa chidendene cha phazi lakutsogolo, osati kutsogolo kwenikweni monga pa driver. Usayese kuutukula. Kutukula ndi ntchito ya loft, ndipo amene amagwera chagada pofuna kuunyamula ndi amene amaumenya pamutu. Umenye ngati ukusesa pabwalo ndi tsache, ndodo ipalepale udzu patsogolo pa mpira. Makina oyezera a TrackMan anaonetsa kuti akatswiri a PGA Tour amamenya 3-wood ndodo ikutsika pang'ono, osati ikukwera. Pa tee, pa dzenje lopanikizika pamene driver ingalowe m'mitengo, 3-wood ndi yabwino zedi, koma tee ikhale yaifupi, mpira ungosuzumira pang'ono pamwamba pa mutu wa ndodo.

Ukadzapeza kandalama kogulira yako, yamba ndi 5-wood yogwiritsidwapo kale ntchito. Mamembala amasintha ndodo pafupipafupi, ndipo amene amakukhulupirira akhoza kukugulitsa motchipa kapena kungokupatsa. Uone chilembo cha pa shaft: R ndi yofewa mwapakati, S ndi yolimba, A ndi ya achikulire, L ndi ya amayi. Usatenge S chifukwa chofuna kuoneka wamphamvu, funsa pro wa pa kalabu akuone ukumenya. Gwedeza ndodoyo pafupi ndi khutu. Ukamva kulira m'kati mwa mutu kapena ukaona mng'alu pa khosi, isiye. Ndikudziwa kuti ku Siyaso, ku Magaba, kulibe chitsulo chimene amisiri amalephera kulumikiza, koma shaft ya graphite si chitsulo, moto umangoiwononga. Mutu ukaguluka, imafunika guluu wa epoxy, ndipo ku pro shop amaika. Chogwirira chikaterera, yamba wachitsuka ndi sopo ndi madzi ofunda usanaganize zogula china.

Ndodo za bwana nazonso uzizivundikira nthawi iliyonse zikabwerera m'chikwama, chifukwa ma iron amagunda mutu wa wood poyenda n'kusupula utoto. Ukalandira chikwama m'mawa n'kupeza chipsera pa wood, uwasonyeze eniake musanafike pa tee yoyamba.