Foni, mphekesera ndi lamulo: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Mchinji

Kodi masamba a mchezo akuonongadi mtundu wathu?

Akuononga zina, koma akumanganso zina, ndipo wonena mbali imodzi yokha sakunena zoona. Mlimi wa soya ku Mkanda lero amafunsa pa WhatsApp mtengo wa pa Kamwendo ndi wa ku Lilongwe asanalole venda kupachika thumba pa sikelo. Mayi amene mwana wake ali ku Johannesburg amamuona nkhope, osati kungomva mawu. M'mwezi wa Januwale 2021, Covid-19 itavuta, mlembi Onjezani Kenani anapempha thandizo pa Facebook, Amalawi nasonkha ndalama zogulira zipangizo za mpweya m'zipatala.

Taonaninso nkhani ya amayi a Chimalawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, ena mwa iwo atakopedwa pa Facebook, nakapezeka ali pa ukapolo m'nyumba za anthu. Chimene chinawathandiza ndi gulupu ya WhatsApp imene anayambitsa Pililani Mombe Nyoni, ndipo oposa 50 anabwerera kwawo. Foni imene inawatengera kutali ndi yomweyo imene anaitanira thandizo. Choncho funso loyenera si lakuti titseke kapena tisatseke, koma lakuti ndani akuvulala, ndipo lamulo likuteteza yani.

Nanga choopsa chenicheni kwa ife a m'malire n'chiyani?

Mphekesera yothamanga kuposa wapolisi. Chakumapeto kwa 2019 ku Chingola m'dziko la Zambia kunabuka nkhani ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku. Pofika kumayambiriro kwa 2020 mantha anali atafalikira dziko lonselo, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa ndi khamu pongoganiziridwa. Posakhalitsa kuno kwathu kunamveka za anamapopa, ku Mchinji, ku Kasungu mpaka kumpoto, ndipo nakonso anthu osalakwa anataya miyoyo.

Mphekesera sidinditsa chiphaso pa Mwami. Wa ku Chipata ndi wa kwa Mlonyeni amalankhula chilankhulo chimodzi, amakwatirana, amalirana maliro, ndipo ambiri ali m'magulupu amodzi a tchalitchi, a geni ndi a pabanja. Uthenga wa mawu wojambulidwa tsidya lina madzulo umakhala utamveka tsidya lino nsima ya usiku isanapse. Uthengawo sutchula mudzi, sutchula tsiku. Umangoti: "Abale, afika. Musagone. Tumizani kwa ena." Woumva ku Kapiri amayesa zachitika kuseri kwa nyumba yake. Anyamata amatseka msewu ndi mitengo, natenga zibonga. Woyamba kutulukira ndi nyali ya njinga yamoto, kaya ndi wakabaza wochedwa, kaya ndi wazaumoyo, kaya ndi mlendo wosochera, ndiye amalipira bodza la munthu amene sanamuonepo.

Kodi anamapopa anabwera ndi WhatsApp?

Ayi. Mu 2002 ndi 2003, nthawi ya Bakili Muluzi, mphekesera yomweyi inagwedeza chigawo cha kummwera, mpaka Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula mumzinda wa Blantyre, anagendedwa ndi khamu. Nthawi imeneyo Facebook kunalibe. Mu 2017 inabukanso ku Mulanje ndi Phalombe, anthu anaphedwa, bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Muzu wake ndi umphawi, mantha ndi kusakhulupirira akuluakulu. Chimene foni yawonjezera ndi liwiro, komanso mawu a munthu akunjenjemera m'khutu mwako, amene amakhulupirika msanga kuposa nkhani ya pa chitsime. Ngakhale wosadziwa kuwerenga amaumva ndi kuutumiza.

Pali zovuta zina kupatula mphekesera?

Zilipo, ndipo zimagwera anthu wamba tsiku ndi tsiku. Pali akuba a pa foni, aja a "ndalama ija mutumize pa nambala iyi," ndi ena onamizira kuti mwapata mphoto kapena mwalowa m'kaundula wa mtukula pakhomo bola mulipire kaye pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Pali otsatsa ntchito zabodza zakunja, chinthu choopsa kwambiri m'boma la m'malire ngati lino, kumene kuwoloka n'kosavuta. Pali mabodza a zaumoyo: mu Meyi 2021 boma linatentha katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 amene anatha mphamvu, pa nthawi imene mauthenga oopseza anthu za katemerayo anali ponseponse.

Ndipo pali nkhanza imene sitiikamba mokwanira: kufalitsa zithunzi za maliseche za atsikana ndi amayi. Chibwenzi chikatha, mnyamata amaponya chithunzi pagulupu. Mtsikanayo amasiya sukulu, amaopa kupita kumsika, pamene wofalitsayo akuyenda momasuka. Aliyense amene anati "nditumizireniko" ali ndi gawo pa mlanduwo.

Kodi malamulo okhudza zimenezi alipo m'Malawi?

Alipo. Lalikulu ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Gawo 86 limaletsa kuopseza kapena kuzunza munthu pa intaneti, ndipo chilango chake ndi K2,000,000 ndi zaka 5 kundende. Gawo 87 limaletsa kusokoneza mtendere wa munthu mwadala ndi mobwerezabwereza kudzera m'mauthenga, chilango chake K1,000,000 ndi miyezi 12. Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse iyenera kulembetsedwa. Mu 2024 kunabwera lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, ndipo woliyang'anira ndi bungwe la MACRA. Pamwamba pa onsewa pali malamulo aakulu a dziko: gawo 35 limapereka ufulu wolankhula, gawo 36 ufulu wa atolankhani, gawo 21 ufulu wosungiridwa chinsinsi.

Ngati malamulo alipo, vuto lili pati?

Lili pa amene lamulolo lathamangira kuteteza. Mu Meyi 2022 namwino wina ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha mawu amene analemba pa WhatsApp onena za Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera. Mu 2024 bambo wina ku Mponela anapezeka wolakwa pa mlandu wonyoza mtsogoleri yemweyo pagulupu ya WhatsApp. M'chaka chomwecho mtolankhani Macmillan Mhone anamangidwa pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 lija chifukwa cha nkhani yokhudza katangale. Izi sizinayambe ndi boma limodzi. Nthawi ya Peter Mutharika, 2020 isanafike, anthu ankamangidwanso pa zolemba za pa Facebook.

Kutukwana si khalidwe labwino, ndipo kabuku kano sikakuikira kumbuyo. Koma mtsogoleri wotukwanidwa ali ndi omulankhulira, ali ndi wailesi, ali ndi maloya. Agogo amene aberedwa ndalama ya feteleza alibe. Mtsikana wa ku Waliranji amene chithunzi chake chazungulira alibe. Ngati apolisi atha kupeza mwini nambala imene yanyoza wamkulu m'masiku ochepa, athanso kupeza mwini nambala imene yaba kapena yaitanira anthu kukapha. Apa ndi pamene payenera kupita mphamvu za boma.

Pali zina zimene zakonzedwa. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa milandu ya kuukira boma ndi mawu, ndipo mu Julayi 2025 bwalo lalikulu, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya wina, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Woipitsiridwa mbiri akhoza kukasuma kuti alipidwe, koma osati kutsekeretsa mnzake m'chitokosi.

Bwanji boma osangotseka Facebook ndi WhatsApp zinthu zikavuta?

Anansi athu anayesa. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linakadandaula kukhoti. Ku Mozambique intaneti inasokonezedwa pambuyo pa chisankho cha Okutobala 2024, koma zipolowe sizinathe. Uganda inaika msonkho wa masamba a mchezo mu 2018, niuchotsa mu 2021. Kutseka kumalanga wogulitsa mtedza pamodzi ndi wabodza, ndipo kumatseka pakamwa pa yemwe akanatsutsa bodzalo. Anthu akakhala mumdima, mphekesera ndiye imakula.

N'chifukwa chake ambiri anadandaula mu Januwale 2025 atamva kuti MACRA ikugula makina a ndalama zokwana madola 1.5 miliyoni ku kampani ya Hashcom ya ku Ghana olondolera nkhani zabodza pa intaneti, chisankho chili pafupi. MACRA inati cholinga si kuzonda anthu. Ngakhale zitero, chida chotere chiyenera kukhala ndi malire olembedwa m'lamulo, ndipo wofuna kuona za munthu ayambe wapeza chilolezo cha khoti.

Eni ake a masambawa alibe udindo?

Ali nawo waukulu. Mu 2018 Facebook inavomera kuti sinachite zokwanira kuletsa mauthenga a chidani ku Myanmar. WhatsApp inachepetsa kutumiza uthenga umodzi kufika kwa anthu kapena magulupu 5 mu 2019, ndipo mu Epulo 2020 uthenga wozungulira kwambiri unayamba kutumizika kumalo amodzi pa nthawi. Izi zimathandiza pang'ono. Koma mauthenga a pa WhatsApp ndi otsekedwa kotero kuti kampaniyo siiwawerenga, ndipo pa Facebook ndi TikTok pakufunika anthu omva Chichewa ndi zining'a zake. Malawi payekha ndi msika waung'ono. Mawu ake angamveke atayankhulira pamodzi ndi Zambia ndi Mozambique, kumene chilankhulochi chimalankhulidwanso.

Nanga ife eni ake tingachitepo chiyani kuno?

Zambiri zili m'manja mwathu kuposa mmene timaganizira. Mphekesera ikabuka, apolisi, a kwa DC ndi mafumu alankhule tsiku lomwelo, m'Chichewa, pa wailesi ya Mudzi Wathu komanso mwa uthenga wa mawu umene ungalowe m'magulupu omwe bodzalo ladutsa. Chikalata cha Chingerezi chotuluka patapita masiku atatu chimapeza maliro atachitika kale. Popeza chipata cha Mchinji ndi Mwami chinakhala chimodzi mu Disembala 2022, akuluakulu a mbali ziwirizi azichenjezananso za mphekesera monga amachitira ndi za katundu.

Adimini wa gulupu ali ngati nyakwawa: mlandu ukayambira pabwalo pake sangati sizikumukhudza. Afufute uthenga woitanira anthu ku chiwawa, amufunse wotumizayo kumene wautenga. Inunso musanatumize, funsani: zachitikira mudzi uti, liti, waona ndi maso ndani? Wina akakupemphani ndalama pa foni m'dzina la m'bale, muimbireni m'baleyo pa nambala imene mukuidziwa. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atati akuimba kuchokera ku kampani.

Chithunzi cha mwana wanga chafalitsidwa. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kumukalipira. Iye ndi wolakwiridwa. Sungani umboni: jambulani uthengawo, nambala ya wotumiza, dzina la gulupu ndi tsiku. Pitani nawo kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo ngati mwanayo sanakwane zaka 18 dziwitsaninso a zachisamaliro cha anthu, chifukwa pamenepo mlanduwo ndi waukulu kwambiri. Uzani adimini achotse chithunzicho msanga, ndipo kambiranani ndi aphunzitsi aakulu kuti mwanayo apitirize sukulu popanda kusekedwa.