Chipale chofewa pakhomo: kukankha kapena kuuluza?

Funso: Ndimakhala ku Manitoba, m'dziko la Canada, ndipo ndili ndi thirakitala yaing'ono. Kodi ndigule chokankhira chipale chofewa kapena makina ochiuluza?

Yankho: Gulani makina ouluza, bambo. Chokankhira chimangounjika chipalecho m'mbali mwa njira, ndipo poti kumeneko chimatha miyezi chisanasungunuke, njirayo imanka nichepa. Makina omangirira kumbuyo, ozunguzidwa ndi PTO (shafiti ya thirakitala yoyendetsa zipangizo) maulendo 540 pa mphindi, amachiponya kutali. Ena amadandaula kuti makinawa amafuna kuyendetsa thirakitala chobwerera m'mbuyo, zomwe zimapweteketsa khosi. N'zoona, koma omangirira kutsogolo ndi odula, ndipo ambiri amafuna PTO yapakati imene mathirakitala ena alibe. Ngati njira ili yamiyala, kwezani makinawo pang'ono kuti asamaponye miyalayo. Akatsekeka, zimitsani kaye injini, kenako chotsani chipalecho ndi ndodo, osati ndi dzanja.