Makina opalira matabwa: a mainchesi 6 kapena 8?

Kalata yoyamba pa pulogalamu ya amisiri inachokera kwa kalipentala wa ku Area 25 ku Lilongwe, yemwe wamanga kashopu kuseri kwa nyumba yake. Watopa ndi kunyamula matabwa pa njinga kupita nawo kwa eni makina, komwe amalipira thabwa lililonse, n'kudikiranso pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Wasunga ndalama ndipo akufuna jointer yakeyake. Funso lake linali lalifupi: agule ya saizi yanji?

Katswiri amene anali mu situdiyo, mmisiri wachikulire yemwe waphunzitsa anyamata ambiri ntchito ya matabwa, anayamba ndi kufotokoza chomwe makinawa amachita, poti ambiri amawasokoneza ndi thicknesser. Jointer, yomwe ogulitsa ena amaitcha surface planer, ili ndi matebulo awiri achitsulo, ndipo pakati pake pamazungulira mipeni. Imawongola nkhope imodzi ya thabwa, kenako m'mbali mwake kuti mukhale sikweya. Thicknesser ndiyo imapala nkhope yachiwiri kuti thabwa lifanane kuchindikala. Mukailowetsera thabwa lokhota, limatuluka losalala bwino, koma lokhotabe.

Nambala ya saizi, anatero mkuluyu, imanena kutalika kwa mipeni, ndiye kuti m'lifupi mwa thabwa lomwe makina angapale ulendo umodzi. Mainchesi 6 ndi mamilimita pafupifupi 150, mainchesi 8 ndi 200, ndipo 12 ndi 300. "Achimwene a ku 25, musanapite kusitolo tengani tepi mupite kumene mumagula matabwa. Yezani matabwa amene mumagula tsiku ndi tsiku, osati amene mumalota."

Apa ndi pomwe anachedwapo. Matabwa ambiri a paini, monga ochokera ku Chikangawa, amagulitsidwa ngati a mainchesi 6, koma thabwa lochekedwa ndi sowo kunkhalango sililemekeza nambala. Lina limapitirira pang'ono, lina ndi lotakata kuno n'kuwonda uko. Pa makina a mainchesi 6, thabwa lopitirira ndi theka la inchi limasiya kamzere kosapalika m'mphepete, ndipo mmisiri amabwereranso ku pulena ya pamanja yomwe ankaithawa. Pa makina a mainchesi 8 thabwa lomwelo limadutsa momasuka. Malo otsalawo amathandizanso china: mipeni ikabuntha mbali imodzi, mumangosuntha fensi, chitsulo chomwe thabwa limatsamira, n'kupalira mbali yomwe ikadali yakuthwa. Kwa amene thumba likumulola, katswiriyu sanabise kuti mtima wake uli pa 8.

Mayi wina wa ku Zomba, yemwe amapanga mafelemu a zithunzi, timashelefu ndi timipando ta ana, anafunsa ngati timakina ting'onoting'ono toika pa benchi tili ndi ntchito. Yankho linali loti inde, kwa iwo tikukwana. Tebulo la kamakina kotere limatalika masentimita 70 kapena kupitirira pang'ono, ndipo munthu mmodzi amatha kukanyamula kukalowetsa m'nyumba usiku, zomwe si nkhani yaing'ono kwa amene shopu yake ndi khonde. Koma anawachenjeza mayiwo kuti asadzalandire oda ya zitseko podalira kamakinako.

Chifukwa chake chili pa kutalika kwa tebulo, chinthu chimene ogula ambiri sachiyang'ana n'komwe. Amisiri amawerengera kuti jointer imawongola bwino thabwa lotalika kufika kawiri kutalika kwa matebulo ake, ndipo ena osamala kwambiri amati kamodzi ndi theka. Mbali ya chitseko imatalika pafupifupi mamita 2. Mukaiyendetsa pa tebulo la masentimita 70, mapeto ake amalendewera, makina amangotsatira kukhota kwa thabwa m'malo mokuchotsa. Jointer ya mainchesi 6 yoima pansi imakhala ndi tebulo loposa mita imodzi, ndipo zambiri za mainchesi 8 zimafika masentimita 170 kapena 180. Wopanga zitseko, mabedi ndi matebulo odyera ayambe wafunsa za tebulo, za mipeni pambuyo. Ndipo ayeze shopu yake: thabwa la mamita 2 limafuna mpata wa mamita 2 polowera ndi ena 2 potulukira.

Muulutsi anaseka powerenga uthenga wa bambo wina wa ku Mzuzu, yemwe wapeza chimakina cha mainchesi 16 chikugulitsidwa motchipa ku fakitale ina yomwe inatsekedwa. Katswiriyu anawafunsa bambowo kuti akaone kaye kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pa mota. Makina aakulu chotere nthawi zambiri amayendera magetsi a three phase, pomwe nyumba zambiri zimalandira single phase ya mavoti 230. Kutchipa kumeneko kumathera pa kukoka magetsi atsopano kapena kusintha mota, osawerengera lole ndi anthu onyamula chitsulo cholemera makilogalamu mazanamazana. Anawonjezera kuti thabwa la mlombwa kapena mbawa lotakata kwambiri silikakamiza munthu kugula chimakina. Amisiri amalicheka pakati, n'kuwongola zidutswazo, n'kuzimatanso ndi guluu. Guluuyo akagwira bwino, polumikizira sipooneka.

Nkhani ya magetsi inakoka mafunso ena awiri. Makina otumizidwa ndi achibale kuchokera ku America kawirikawiri amapangidwira mavoti 120 ndi 60 Hz, pomwe kuno magetsi ndi a 50 Hz, choncho amafuna thiransifoma, ndipo mota yaikulu imazungulira pang'onopang'ono kusiyana ndi liwiro lomwe inapangidwira. A ku South Africa ndi ku Britain alibe vuto limeneli. Kwa wodalira jenereta magetsi akathima, anakumbutsa kuti mota imakoka mphamvu yochuluka kangapo pa nthawi yoliza. Ya 1.5 horsepower imadya mawati oposa 1,100 ikamayenda, koma kajenereta kongokwana nambala imeneyi kamatsamwa musanapale ngakhale thabwa limodzi.

Wina anadandaula kuti matabwa ake amawongoka lero, mawa n'kupotoka. Apa makina alibe mlandu, anayankha mwachidule: bulugamu kapena paini wauwisi amapindika akamauma. Matabwa asanjidwe pamthunzi, pakati pake muikidwe timitengo kuti mphepo izidutsa.

Nthawi itatsala pang'ono, muulutsi anapempha mawu kwa ogula makina akale. Mkuluyu anati atenge chitsulo chowongoka, achigoneke pa matebulo onse awiri n'kusuzumira ngati pansi pake pakudutsa kuwala, chifukwa tebulo lopindika ndi lovuta kukonza kuposa mota yopsa. Afunsenso komwe angapeze mipeni ya saizi imeneyo ndi wonola. Chotchinga cha mipeni chikhalepo, ngakhale amisiri ena amachichotsa ati chimachedwetsa. Thabwa lalifupi kuposa masentimita 30 lisayandikire makinawa, mipeni isadye mopitirira mamilimita 3 ulendo umodzi, ndipo pokankha thabwa agwiritse ntchito kamtengo kokhala ndi chogwirira, osati chikhatho. Makalata onena za kunola mipeni anawasungira pulogalamu ya sabata yotsatira.